Leicester yagwanso: vuto linali makochi kapena akuluakulu a timu?

Nkhandwe_Mchini
Abale anga, Premier League ya 2024/25 yatha Lamlungu pa 25 Meyi 2025 koma ine mtima sunakhale pansi. Leicester yagwanso, kachiwiri m'nyengo zitatu. Pa masewero 38 tawina 6 basi, mapointi 25, tagoletsa zigoli 33, ife atichinya 80. Kochi Steve Cooper anamuthamangitsa mu Novembala timu ili pa nambala 16, isanalowe n'komwe m'gulu la matimu atatu apansi. Anabweretsa Ruud van Nistelrooy, zinthu n'kuipiratu kuposa kale. Ndiye ndikufunsa inu amene mumautsata mpira bwino: akanamusiya Cooper, tikanapulumuka? Chachiwiri, ambiri kuno ku Chipata tinayamba kuvala buluu chifukwa cha Mzambia mnzathu Patson Daka. Mnyamatayu atsike nayo timu ku Championship, ligi yachiwiri ya ku England, kapena akafune kwina? Chonde tikambirane mwaulemu, a Liverpool musabwere kudzatiseka.

Red_Kalongwezi
Sitikusekani achimwene, pepani ndithu. Koma kunena zoona, tsiku la Isitala lija Alexander-Arnold wathu wa Liverpool asanagoletse n'komwe, aliyense m'holo ankaona kuti timu yanu inapita kale. Ife tinangotsekera chitseko.

Kabaza77
Cooper akanatipulumutsa. Masewero 12, mapointi 10. Sizokoma, koma timu inkamenya nkhondo. Mwaiwala ku Southampton, tili kumbuyo 2-0, n'kudzawina 3-2, Jordan Ayew atagoletsa mpira ukutha? Mtima umenewo unapita naye Cooper.

Nabanda_Navutika
Ayi akabaza, musamukometse. Mpira wa Cooper unali wowawa m'maso. Mapointi 10 pa masewero 12 mukawerengera mpaka kumapeto sakufika ngakhale pa 35, pomwe Tottenham yomwe yathera pa nambala 17 ili ndi 38. Tikanagwabe, kungoti tikanagwa mochedwerako.

Kabaza77
Kugwa mochedwerako n'kosiyana ndi kugonja masewero 9 otsatizana pakhomo osagoletsa ngakhale chimodzi, achemwali. Zimenezo sizinachitikepo mu ligi yaikulu ya England. Manyazi amenewo ndi a Ruud.

Aphunzitsi_Chadiza
Ana anga, ndilowereko, ndipo mundipirire chifukwa ndilemba zambiri.

Mukukangana za makochi awiri, koma werengani bwino. Kuyambira Epulo 2023 pa mpando uja padutsa Brendan Rodgers, Dean Smith, Enzo Maresca, Steve Cooper ndi van Nistelrooy. Anthu asanu m'zaka ziwiri, aliyense ndi kaseweredwe kake. Maresca ankafuna mpira wopatsirana kuyambira kwa goloboyi, anatenga nawo Championship ndi mapointi 97, Chelsea n'kumutenga. M'malo mofuna munthu woti apitirize zomwe anyamata anazolowera, akuluakulu anatenga Cooper, yemwe mpira wake ndi wodikira kumbuyo, komanso wochokera ku Nottingham Forest, adani a Leicester enieni. Masapota sanamulandire kuyambira tsiku loyamba. Osewera nawonso mitima inali kwa Maresca, mwaona nonse zithunzi za ku Copenhagen zija, atangogonja kwa Chelsea, akusangalala pafupi ndi chikwangwani chonena kuti amusowa Enzo. Patangopita maola Cooper ntchito inatha.

Tsono anamusankha bwanji van Nistelrooy? Anali atangogwirizira mpando ku Manchester United masewero anayi, ndipo awiri mwa amenewo anachinya Leicester yomweyo, 5-2 ndi 3-0. Ku PSV anatengako chikho, inde, koma nkhondo yothawa kugwa anali asanaimenyepo. Kwa ine zikuoneka kuti anatengeka ndi dzina.

Koma muzu wake uli pa ndalama. Timuyi inaluza mapaundi 92.5 miliyoni m'chaka cha 2021/22 ndi 89.7 miliyoni chaka chotsatira, pomwe lamulo la Premier League limalola kuluza 105 miliyoni pa zaka zitatu. Ankalipira malipiro a timu ya Champions League pomwe kawiri konse, 2020 ndi 2021, anathera pa nambala 5. Mu 2022 anagulitsa Wesley Fofana ku Chelsea, Kasper Schmeichel anapita ku Nice, n'kubweretsa Wout Faes. Youri Tielemans, amene anatipatsa FA Cup mu 2021, anachoka ulere kontrakiti itatha. Çağlar Söyüncü ulere. Kelechi Iheanacho ulere. Atangokwera chaka chatha anagulitsa Kiernan Dewsbury-Hall, mtima wa pakati pa timu, kuti mabuku aoneke bwino. Amene anasaina mapepala onsewa si kochi. Jon Rudkin, mkulu woona za mpira, wakhalapo nthawi yonseyi, makochi akubwera n'kumapita. Ngolo ikathyoka ekiselo, musinthe woyendetsa kasanu, chimanga sichifika kunyumba.

Nkhandwe_Mchini
Zikomo aphunzitsi, apa mwatitsegula maso. Koma nanga ndalama zomwe anagulira osewera chaka chino? Si kuti sanagule.

Aphunzitsi_Chadiza
Anagula, koma onani anagula ndani. Oliver Skipp wa ku Tottenham anadya ndalama zambiri, nthawi yambiri n'kukhala pa benchi. Odsonne Édouard anabwera pa ngongole kuchokera ku Crystal Palace, sanathandize kanthu, n'kutsekanso malo a wosewera wina wa ngongole. Amene ndingati anagula bwino ndi Bilal El Khannouss wa ku Morocco uja, mwana ali ndi mpira kumapazi. Ndiye mu Januwale, timu ikumira, van Nistelrooy anamubweretsera munthu mmodzi yekha, Woyo Coulibaly wa ku Parma.

Kabaza77
Mukumuikira kumbuyo Ruud tsopano.

Aphunzitsi_Chadiza
Ayi mwana wanga. Kochi amene wagonja 7 motsatizana mu ligi, n'kuwina kamodzi ku Tottenham, n'kugonjanso 8 motsatizana popanda chigoli, alibe pobisala. Ndikungoti mukamuchotsa yekhayo, ena onse n'kutsala, chaka chamawa tidzakhala pano tikulira za kochi wina.

MayiWaShow_Kapata
Ine za mapaundi sindilowamo, ndinena zomwe ndinaona m'holo mwanga. Tsiku loyamba la van Nistelrooy, Lachiwiri lija la West Ham mu Disembala, mpira unayamba mochedwa, anthu ambiri atagona kale. Magetsi kunalibe, tinayatsa jenereta. Mabenchi anadzaza, ena anakhala pa makreti, ana a sukulu ndinawabweza pakhomo. Jamie Vardy anagoletsa anthu asanakhazikike n'komwe. Pakati pa usiku Patson analandira mpira chakumanzere, n'kumudutsa wotchinga kumbuyo, n'kuumenya m'mwamba mwa ukonde. Bambo wina wogulitsa makala, munthu wachete amene sayankhula ndi aliyense, anakwera pa benchi n'kuyamba kuitana dzina la Daka ngati akuitana mwana wake kumunda. Benchi inathyoka, sindinamulipiritse.

Kufika mu Malichi, Leicester ikamasewera nthawi imodzi ndi timu ina, amene ankapempha kuti ndiike Leicester anali anthu atatu kapena anayi. Mafuta a jenereta sangabwere ndi anthu anayi. Ndinkawaikira pa ka TV kakang'ono ka pakona, ndipo ankaonera mwakachetechete mpaka mpira kutha. Anthu amenewo ndimawalemekeza.

Nkhandwe_Mchini
Mmodzi mwa anayiwo ndinali ine, mayi. Zikomo chifukwa cha ka TV kaja.

Nabanda_Navutika
Usiku umenewo ndi umene unatinamiza. Tinawina 3-1 koma West Ham inamenya mashoti 31. Anatipulumutsa ndi Mads Hermansen pagolo. Atavulala ku Newcastle, Danny Ward n'kulowa, zonse zinaonekera poyera. Wolves inabwera pa bwalo lathu la King Power n'kutichinya 3-0 hafu yoyamba.

Gunner_Mwami
Ndi zoona, komanso musaiwale Abdul Fatawu. Anavulala bondo mu Novembala ali ndi Ghana, nyengo yonse n'kuthera pomwepo. Ndiye yekhayo amene ankatha kumudutsa munthu pa mzere. Timu yaing'ono ikataya goloboyi ndi winga wake nthawi imodzi, kochi aliyense angavutike.

Chipolopolo_Lundazi
Koma ine mumandidabwitsa. Mizere yonseyi mukulemba za timu ya ku England, mukudziwa mpaka ndalama zomwe inaluza. Kum'mawa kuno tilibe ngakhale timu imodzi mu Super League. Ndi liti munapita pa David Kaunda Stadium kukaonera anyamata athu? Kumeneko sikufuna jenereta.

Kabaza77
Ndimapitako akulu. Ndanyamulapo osewera pa njinga kuwapititsa ku bwalo, ena osandilipira chifukwa alibe. Munthu akhoza kukonda zonse ziwiri.

Chipolopolo_Lundazi
Inu mumapita, chabwino. Nanga enawa? Fashion Sakala anachokera konkuno, anafika mpaka ku Rangers. Ana ngati iye alipo ambiri ku Chadiza, ku Vubwi, ku Lundazi kuno, akusewera opanda nsapato. Amalonda athu akanaika ndalama pa timu imodzi ya chigawo, bwenzi Nkana ndi Power Dynamos zikubwera kudzasewera kuno.

Kochi_wa_ku_Katete
Akulu a ku Lundazi akhudza pamene pamandiwawa, ndipo nkhani yake ndi imodzimodzi ndi ya Leicester, kungosiyana kukula kwa thumba.

Ndinaphunzitsapo timu ina ya m'boma lathu lino, sinditchula dzina. Komiti inalonjeza mayendedwe, chakudya ndi kandalama ka anyamata akawina. Mwezi woyamba zinayenda. Kenako tinayamba kupita ku masewero pa kanta yonyamula thonje, kufika mochedwa, anyamata atachita dzanzi miyendo, osadya kanthu kuyambira m'mawa. Wotchinga kumbuyo wanga wodalirika anapita kukagwira ganyu ya fodya chifukwa kunyumba kunalibe ufa, ndipo sindikanamuletsa. Titagonja katatu, komiti inakumana popanda ine, n'kunditumizira uthenga pa foni kuti timu ikufuna maganizo atsopano. Amene analowa m'malo mwanga ndi mnzanga, munthu woudziwa mpira kundiposa. Anapeza kanta yomweyo ndi njala yomweyo. Naye anamuchotsa, timu n'kutsika.

Chifukwa chake kochi ndiye amayamba kuchotsedwa n'chakuti ndi yekhayo amene angachoke popanda wa mu komiti kuvomera kuti analakwitsa. Osewera 25 simungawathamangitse tsiku limodzi. Mwini timu sangadzichotse. Ndiye mukamati Cooper kapena Ruud, ine ndimaona anthu awiri amene anapatsidwa timu yosakwanira. Chimene ndimamudzudzula nacho van Nistelrooy n'chimodzi: ataona kuti zigoli zauma, anakakamirabe kaseweredwe kamodzimodzi, Vardy yekha kutsogolo, munthu wa zaka 38, mipira osamufikira. Kochi wa kumudzi ngati ine ndikanayesako awiri kutsogolo kwa masewero angapo otsatizana, Vardy ndi Daka, n'kuponya mipira kumbuyo kwa otchinga. Ukagonja 2-0 sabata iliyonse, palibe chimene ukuteteza.

Nabanda_Navutika
Apa akochi mwanena. Patson mpira wake ndi wothamangira m'mipata. Ku Salzburg ankasewera awiri kutsogolo, n'chifukwa chake ankagoletsa chonchija. Ku Leicester amamuika yekha, kapena kumuponya ku winga, kapena kumulowetsa kwatsala mphindi 10 timu ili kale kumbuyo.

Gunner_Mwami
Achemwali, ndimamukonda Patson ngati wina aliyense, koma tisabise chilungamo chifukwa ndi wathu. Wakhala kumeneko zaka zinayi. Rodgers, Smith, Maresca, van Nistelrooy, palibe amene anamupanga kukhala woyamba kwa nthawi yaitali. Onsewo amamuda? Mipata ina amaiphonya yekha, tonse timaona. Chigoli chimodzi mu ligi nyengo yonse sichokwanira kwa wakutsogolo amene anagulidwa mapaundi oposa 20 miliyoni.

Nabanda_Navutika
Anavulala kakolo ligi isanayambe, pa masewero okonzekera ndi Lens, anachitidwa opaleshoni, anabwerera mu Novembala. Mukufuna agoletse ali m'chipatala?

Gunner_Mwami
Kuyambira Disembala mpaka Meyi anali bwino.

Nabanda_Navutika
Anali bwino m'timu imene inakhala kuyambira pa 8 Disembala mpaka pa 3 Meyi osagoletsa pakhomo mu ligi. Si Patson yekha amene anauma. Munthu amene anamwetsa zinayi yekha ku Moscow mu 2021, Mzambia woyamba kugoletsa mu Premier League, pa Manchester United pomwe, sanaiwale mpira. Akavala malaya a Chipolopolo bwanji amagoletsa?

Red_Kalongwezi
Nonse muli ndi mfundo. Ine ndingoti achoke. Kontrakiti yake ikutha 2026, ndiye ngati timu ikufuna kupezapo kanthu, nthawi yogulitsa ndi ino. AFCON ya ku Morocco ili mu Disembala 2025, tikufuna Patson amene akusewera sabata iliyonse. France, Germany, Turkey, kulikonse kumene angamukhulupirire.

Kabaza77
Apite ku Saudi ngati Fashion, akatenge ndalama. Mpira ndi waufupi, taonani Enock Mwepu anasiya ali ndi zaka 24 chifukwa cha mtima.

Nkhandwe_Mchini
Za Mwepu zimandimvetsa chisoni mpaka lero. Koma Patson ali ndi zaka 26 zokha, Saudi ikhoza kudikira. Ine maganizo anga ndi osiyana ndi anu nonse: akhale. Vardy wapita. Kwa nthawi yoyamba chifikireni, malo a nambala 9 alibe mwini. Nthawi ya Maresca miyezi yoyamba sankamuika n'komwe, koma atamupatsa mpata mu Disembala anayamba kugoletsa nthawi yomweyo. Championship amaidziwa.

Aphunzitsi_Chadiza
Za Vardy tisangodutsapo. Anabwera mu 2012 kuchokera ku Fleetwood Town, timu ya kunja kwa ligi, pa paundi 1 miliyoni. Wachoka atasewera masewero 500 ndi zigoli 200, cha 200 anagoletsa pa Ipswich tsiku lotsanzika. Anatenga ligi mu 2016, timu itagwa mu 2023 sanathawe. Ndipo timu itagwanso ndi iye amene anatuluka poyera n'kunena kuti nyengoyi yakhala yochititsa manyazi, osadzikhululukira. Mawu otero ndinkayembekezera kuwamva kwa akuluakulu a timu.

Tate_wa_Awiri
Pepani ndikhotetse pang'ono. Amene anaonera Newcastle mu Epulo anaona kamnyamata ka zaka 15, Jeremy Monga, kakulowa ndi jezi yopanda dzina la kampani pamtima. Chifukwa chake kampaniyo ndi ya kubetcha, ndipo malamulo a kumeneko salola mwana kuvala zimenezo. Zinandikhudza. Kuno ana a msinkhu womwewo akubetcha pa foni za makolo awo. Wanga wamkulu ndinamupeza akubetcha kuti Leicester igonja, akuti ndi ndalama yosakayikitsa. Ndalama ya mabuku.

MayiWaShow_Kapata
Zimenezo n'zoona bambo. Masiku ano ena salowa kudzaonera mpira, amalowa kudzaonera tikiti. Maso pa foni, timu yawo ikagoletsa osasangalala chifukwa tikiti yafa. Ine wa yunifomu sindimulowetsa, ngakhale abwere ndi ndalama.

Kochi_wa_ku_Katete
Bambo a awiri, mubweretseni ku bwalo mnyamatayo, kaya kwa ine kaya kwa kochi aliyense wa kufupi ndi kwanu. Mwana amene wathamanga masana onse, madzulo amagona.

Tate_wa_Awiri
Ndamva akochi, ndiyesa.

Nkhandwe_Mchini
Tibwerere ku nkhani yathu. Aphunzitsi, ndamva kuti pali mlandu winanso wa ndalama. Zikutanthauza chiyani kwa ife chaka chamawa?

Aphunzitsi_Chadiza
Ulipo. Woyamba uja Leicester inapulumuka mu Seputembala 2024, osati chifukwa choti sinaluze ndalama, koma maloya anaonetsa kuti pamene chaka cha mabuku chinkatha mu Juni 2023, timu inali itatuluka kale mu Premier League, ndiye ligiyo inalibe mphamvu yoiweruza. Everton ndi Forest analandidwa mapointi pa milandu yofanana, ndiye matimu ena sanakondwe. Mwezi uno wa Meyi 2025 Premier League yatsegulanso mlandu wina wokhudza chaka cha 2023/24. Akapezeka olakwa, chilango chikhoza kukhala kulandidwa mapointi. Ndiye amene akuganiza kuti tingokwera mosavuta ngati nthawi ya Maresca aganizenso. Nthawi ija tinatsika ndi Dewsbury-Hall, Ndidi, Ricardo Pereira, Vardy, titagulitsa James Maddison ndi Harvey Barnes pa ndalama zabwino. Pano ogulitsika ndi ochepa, ndipo ndi omwewo amene tikuwafuna, Hermansen ndi El Khannouss.

Red_Kalongwezi
Komanso pali china chimene si cha Leicester yokha. Matimu atatu amene anakwera, Leicester, Ipswich ndi Southampton, onse abwerera. Chaka chatha Luton, Burnley ndi Sheffield United chimodzimodzi. Mpata wa ndalama pakati pa maligi awiriwa wakula kwambiri.

Nabanda_Navutika
Zoona, koma Ipswich ndi Luton ndi alendo mu ligi. Leicester ili ndi bwalo lophunzirira la ku Seagrave la mapaundi pafupifupi 100 miliyoni, inasewera kota fainolo ya Champions League mu 2017. Brentford, Bournemouth, Brighton, Fulham ndi matimu osaposa Leicester, koma akhazikika chifukwa amadziwa wosewera amene akumufuna asanamugule, ndipo kochi akachoka amakhala atakonza kale wolowa m'malo. Forest yomwe tinkaiseka yathera pa nambala 7.

Kabaza77
Bambo Vichai, mwini timu uja, akanakhala moyo sizikanafika apa.

Aphunzitsi_Chadiza
Mwina. Ngozi ya helikopita ija ya 2018 inachotsa mutu wa banja, ndipo Covid inapweteka bizinesi ya kampani yawo ya King Power chifukwa ndi ya masitolo a m'mabwalo a ndege. Mwana wawo Top timu amaikonda, anafafaniza ngongole yaikulu imene timu inali nayo kwa kampani yawo. Chimene chikumuvuta ndi kuchotsa anthu amene anagwira ntchito ndi bambo ake. Masapota a ku Leicester akhala akunyamula zikwangwani za Rudkin miyezi yonseyi, iye chete.

Kochi_wa_ku_Katete
Ndipo mpaka lero, kumapeto kwa Meyi 2025, van Nistelrooy akuti akudikira kumva ngati akhala kapena ayi. Timu inagwa pa 20 Epulo, patha mwezi ndi sabata. Championship ili ndi matimu 24, masewero 46, imayamba mu Ogasiti, Loweruka ndi Lachiwiri osapuma. Ngati akumuchotsa amuuze lero, wobwerayo asankhe yekha osewera ake n'kuyamba nawo zokonzekera. Akachedwa mpaka Julayi, kochi watsopano adzapezanso timu yosankhidwa ndi anthu ena.

Gunner_Mwami
Inu akochi mungamusiye kapena mungamuchotse?

Kochi_wa_ku_Katete
Ndingamuchotse, chifukwa anyamata anasiya kumukhulupirira, zimaoneka mmene amabwerera kumbuyo akataya mpira. Koma tsiku lomwelo ndingachotsenso amene anamulemba ntchito.

Nkhandwe_Mchini
Mayi a ku Kapata, nanga mu Ogasiti mudzationetsa Championship? Ine Patson akhale kapena achoke, timu sindisintha.

MayiWaShow_Kapata
Ikadzapezeka pa dikoda ndidzaika. Mukakwana khumi ndikupatsani TV yaikulu, mukachepa ndi ka pakona komwe kaja. Loweruka masana a Arsenal ndi a United akakhala ndi mpira wawo musadzandivute, koma a Lachiwiri usiku ndi anu. Mudzabwere ndi ya mafuta.